Khutubah ya Lachisanu: Kodi Thukuta Lathuli Likupita Pachabe?

KHUTUBAH YOYAMBA

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, Mwini moyo ndi imfa, Amene adatilenga tisali kanthu, natipatsa makutu, maso ndi mitima yolingalira. Tikumuyamika, tikumupempha chithandizo ndi chikhululuko. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse.

Pambuyo pa izi, inu akapolo a Allah, tikulangizana, kuyambira ife amene taima pa mimbari, kuti timuope Allah mobisika ndi moonekera.

Abale ndi alongo mu Chisilamu, pali mawu amene afala pakamwa pa ana athu masiku ano. Timawamva mu chapa yochokera ku Tete, timawamva pamsika pano pa Furancungo, timawaonanso pa mafoni pomwe achinyamata amalemba zakumtima kwawo pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wina amati moyo ulibe tanthauzo. Wina amati ulime usalime, mapeto ake ndi manda. Wina amangonena m'Chipwitikizi kuti tanto faz, zonse n'chimodzimodzi. Ambiri amayankhula izi akuseka. Koma alipo amene saseka, ndipo m'midzi ya Macanga ndi Tsangano si zachilendo kumva za maliro a munthu amene wadzichotsera moyo ndi mankhwala omwe adagulira mbewu zake. Ife makolo tikamva mawu oterewa timafulumira kukalipa, n'kumati mwana wachepa imani. Kukalipa kumatseka pakamwa pa mwana, koma funso lake limatsala momwemo mumtima. Choncho lero tiyeni tiliyang'ane funsoli osaliopa: kodi thukuta la munthu limapita kuti?

Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake ndi eni ake. Ana athu amene adafika kalasi ya 11 ndi ya 12 adakumana nawo m'phunziro la Filosofia, pa mawu awiri akuti existencialismo ndi absurdo. Adakula mphamvu ku France pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, mzinda wa Paris uli m'manja mwa asilikali a Germany, anthu mamiliyoni akuphedwa. Anthu amene adaona zimenezo adafunsa ngati kumwamba kuli amene akumva. Ife a kuno funsoli tikulidziwa. Akuluakulu amene mwakhala pamzere wakutsogolowu mukukumbukira zaka za nkhondo, pamene mudasiya nkhokwe zodzaza n'kuthawira ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Zambia, ndi momwe mudabwerera pambuyo pa mgwirizano wa ku Roma wa pa 4 Okutobala 1992 n'kupeza tchire pomwe padali nyumba.

Mwa olemba a nthawi imeneyo titchulepo awiri. Woyamba ndi Jean-Paul Sartre, amene adabadwa mu 1905 namwalira mu 1980. Iye adapereka chitsanzo cha kampeni kodulira mapepala. Ife titenge khasu. Wosula amadziwa ntchito ya khasu asadalisule, ndiye khasu limabadwa ndi cholinga chake. Sartre adati munthu alibe womusula, choncho amangopezeka padziko wopanda cholinga, n'kudzipangira yekha chimene akhale kudzera m'zosankha zake. Icho ndicho chimake cha existencialismo ya Sartre.

Wachiwiri ndi Albert Camus, mwana wa mu Africa momwe muno, wobadwira ku Algeria mu 1913 m'banja losauka la atsamunda. Bambo ake adafera ku nkhondo iye asadakwanitse chaka, mayi ake adali osadziwa kuwerenga ndipo ankagwira ntchito yokonza m'nyumba za anthu, ndipo iye mwini adadwala chifuwa chachikulu ali mnyamata. Mu 1942 adatulutsa buku limene m'Chipwitikizi limatchedwa O Mito de Sísifo. M'menemo adati mtima wa munthu umafuna tanthauzo, koma dziko limangokhala chete, ndipo kusamvana kwa ziwirizi ndiko adakutcha absurdo. Pofuna kuti zimveke adatenga nthano ya Agiriki ya Sísifo, munthu amene milungu yawo idamulanga kuti azikankha chimwala kukwera nacho phiri. Akangofika pansonga, chimwala chimagubuduka kubwerera pansi, iye n'kutsika kukayambiranso, mpaka kalekale. Camus adati umo ndi momwe moyo wa munthu aliyense ulili.

Tisanamutsutse, tivomereze kuti chithunzichi chimaluma. Mlimi wa fodya wa ku Macanga amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, amanyamula madzi othirira, amawokera, amapalira, amathyola, amasoka, amayanika m'chigafa, amasankha, amadinda mabelo. Akagulitsa, ngongole ya feteleza ndi mbewu n'kudulidwa, amawerenga zotsala m'dzanja limodzi, ndipo pasanapite nthawi nazale ina ikumudikira. Mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano amadzaza matumba, mtengo n'kugwa chifukwa aliyense wakolola nthawi imodzi. Mayi amatunga madzi m'mawa, pofika madzulo mtsuko uli gwa. Mwana amene wakula akuona zimenezi akamva nthano ya Sísifo amati ndawaona bambo anga.

Kuchokera m'mabuku a filosofia, maganizowa adalowa m'nthano ndi m'masewero. M'chaka chomwecho cha 1942 Camus adatulutsa O Estrangeiro, nkhani ya kalaliki wa ku Algiers dzina lake Meursault, amene sadalire pa maliro a mayi ake, kenako adawombera Mwarabu m'mbali mwa nyanja popanda chifukwa chomveka, nanena m'khoti kuti lidamuchititsa ndi dzuwa. Mu 1953 ku Paris kudaonetsedwa sewero la Samuel Beckett la anthu awiri amene amakhala pafupi ndi mtengo kudikira munthu wotchedwa Godot, yemwe safika mpaka sewero kutha. Ku Portugal Vergílio Ferreira adalemba Aparição mu 1959. Maiko a Asilamu nawonso mphepoyi idawafika. Ku Egypt Naguib Mahfouz adalemba mu 1965 buku la Al-Shahhadh, lonena za loya wachuma amene mwadzidzidzi adataya kukoma kwa ntchito ndi banja. Ku Senegal Cheikh Hamidou Kane adatulutsa mu 1961 buku lonena za Samba Diallo, mwana woleredwa pa madrasa amene adakaphunzira filosofia ku Paris nabwerako mtima utagawikana. Ngakhale kwathu kuno, amene adawerenga Terra Sonâmbula ya Mia Couto, ya 1992, akukumbukira nkhalamba ndi kamnyamata obisala m'basi yopsa m'mbali mwa msewu wa nkhondo, osadziwa kolowera. Pambuyo pake oimba ndi opanga mafilimu adatola. Gulu loimba la ku England lotchedwa The Cure lidayamba kutchuka ndi nyimbo ya mu 1978 yofotokoza kuwombera kwa Meursault kuja. Lero maganizo omwewo amafika pa foni ya mwana wa ku Furancungo ngati kachithunzi koseketsa ka mawu asanu.

Madzi akachoka pakasupe amafika kudambo atasakanikirana ndi matope. Chimene chafika pa mafoni ndi matopewo: poti zonse n'zachabe, imwa, tchova njuga, usadzivute. Eni ake sadaphunzitse choncho, ndipo chilungamo chimene Allah adatilamula kuchitira ngakhale otsutsana nafe chikutikakamiza kunena zimenezi. Camus adayamba buku lake ndi funso la kudzipha, ndipo yankho lake lidali lokana kudzipha. Mu A Peste, buku la 1947, adalemba za dokotala wa mumzinda wa Oran amene adapitiriza kuthandiza odwala mliri ngakhale ankadziwa kuti ambiri afa. Sartre naye adati ufulu ndi katundu wolemera, chifukwa munthu alibe womukankhira mlandu wa zochita zake. Mwana wathu amene akubwereza mawu awo ali pa baraka watola makoko, n'kusiya ngakhale kambewu kochepa kamene kadali m'katimo.

Pali zinthu zimene anthuwa adaziona molondola, ndipo Qur'an yolemekezeka idazinena kale. Adati moyo ndi wothodwetsa. Surah Al-Balad, ndime 4, imatidziwitsa kuti munthu adalengedwa m'mavuto. Adati munthu asabisale ku imfa, Mtumiki wathu (s.a.w) adatilangiza kuikumbukira imfa pafupipafupi. Adati munthu asenze yekha zochita zake. Surah An-Najm, ndime 38 ndi 39, zimaphunzitsa kuti palibe adzasenze mtolo wa mnzake, ndi kuti munthu adzapeza chokhacho chimene adachigwirira ntchito. Apa mkwapulo ukutikhudza ifenso, amene tikalephera timathamangira kunena kuti watilodza ndi neba, kapena kubisa ulesi wathu kumbuyo kwa qadar.

Ndipo kugwedezeka kwa mtima kwafikirapo anthu olungama. Imam Al-Ghazali adali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Nizamiyya ku Baghdad. M'chaka cha 1095 mtima wake udavutika mpaka lilime lidakanika kuyankhula m'kalasi ndipo chakudya chidaleka kulowa. Adasiya udindo nachoka, ndipo adalemba yekha mbiri ya mayesero ake m'buku la Al-Munqidh min al-Dalal. Mtumiki wathu (s.a.w) adadutsa m'masiku amene chivumbulutso chidaima, adani namuseka kuti Mbuye wake wamutaya, kufikira Surah Ad-Duha idatsika kudzamutonthoza. Tsono mwana wofunsa asayesedwe mdani wa chipembedzo.

Kodi nanga tikusiyana nawo pati? Tikusiyana pa kumasulira kwa chete. Iwo adamva kumwamba kuli zii, nagamula kuti kulibe aliyense. Amene adaphunzira Chiarabu aone ichi: omasulira mabuku a Camus ndi Beckett atafuna liwu la Chiarabu la absurdo adasankha liwu lakuti 'abath, kutanthauza kuchita chinthu mopanda cholinga, mongoseweretsa. Liwu lomwelo lili mu Surah Al-Mu'minun, ndime 115, pomwe Allah akufunsa anthu ngati ankaganiza kuti adawalenga mopanda cholinga ndi kuti sadzabwezedwa kwa Iye. Surah Al-Jathiyah, ndime 24, imasimbanso za anthu amene ankati kulibe moyo wina koma uno, ndi kuti chimene chimawononga anthu ndi nthawi basi. Funso limene Paris idaliyesa latsopano lidafunsidwa kale ku Makka, ndipo lidayankhidwa.

Lingalirani zinthu ziwiri. Choyamba, Camus adavomereza kuti mtima wa munthu uli ndi ludzu la tanthauzo, koma sadalongosole kumene ludzulo lidachokera. Mbuzi ikakhuta imagona. Munthu akakhuta amafunsabe kuti ndili pano chifukwa chiyani. Ife timati ludzu limenelo ndi fitrah, chibadwa chimene Mlengi adachiika mwa ife kuti timufunefune. Munthu amene wamva ludzu pakati pa ulendo napanda kuona mtsinje sanganene kuti madzi kulibe padziko.

Chachiwiri ndi chilungamo. Mwarabu amene adaphedwa mu O Estrangeiro alibe dzina m'buku lonselo. Padapita zaka zoposa 70 kuti wolemba wa ku Algeria, Kamel Daoud, atulutse mu 2013 buku lomupatsa dzina lakuti Musa, ndi m'bale womulira. Tsono ngati kulibe Tsiku la Chiweruzo, ndani adzafunse za magazi a anthu opanda dzina? Abale athu amene adagwa m'njira pothawa nkhondo, amene manda awo sitikuwadziwa, nkhani yawo idathera pomwepo, wopha ndi wophedwa n'kukhala dothi lofanana? Mtima wa munthu aliyense umakana. Surah Az-Zalzalah imatitsimikizira kuti chabwino kapena choipa, ngakhale chochepetsetsa, mwini wake adzachiona. Kwa Allah kulibe munthu wopanda dzina.

Tsopano, abale ndi alongo, tiike pambali pa Sísifo munthu wina wokwera mapiri, amene nkhani yake si nthano: mayi wathu Hajara. Mneneri Ibrahim (a.s) adawasiya pamodzi ndi khanda lawo Ismail m'chigwa cha Makka chopanda mbewu, ndi thumba la tende ndi madzi ochepa. Monga akusimbira Imam Al-Bukhari, mayiwo adafunsa ngati ndi Allah adalamula zimenezo, ndipo atamva kuti inde, mtima wawo udakhazikika kuti Allah sadzawataya. Madzi adatha, mwana nayamba kuphupha ndi ludzu. Hajara adakwera phiri la Safa, nayang'ana, osaona munthu. Adatsika, nathamanga m'chigwa, nakwera Marwa, osaonanso munthu. Mtunda wa pakati pa mapiri awiriwa ndi pafupifupi mamita 450, ndipo adauyenda kasanu ndi kawiri.

Munthu woima patali akadawaona pa ulendo wachinayi kapena wachisanu akadati uyu ndi Sísifo wina: kukwera, kutsika, kubwerera pamalo pomwe waona kale kuti palibe kanthu. Kumwamba kudali chete kwa iwonso. Koma Sísifo akukankha mwala ngati chilango cha milungu yodana naye, pomwe Hajara akuthamanga pamaso pa Mbuye amene akumudalira. Sísifo ali yekha ndipo thukuta lake silithandiza munthu; Hajara akuthamangira moyo wa mwana. Ndipo onani kumene madzi adatulukira. Zamzam sadatumphuke pa Safa kapena pa Marwa pomwe mayiwo adakhetsa thukuta, adatumphuka pomwe padali mwanayo. Kuthamanga kudali kwa Hajara, madzi adali a Allah, ndipo Iye adawatulutsa pamalo ndi pa nthawi imene adafuna. Allah adaukonda ulendo umenewo kotero kuti adauika kukhala gawo la Hajj ndi Umrah. Mpaka lero mafumu ndi masheikh amatsata mapazi a mayi ameneyu.

Tisanamizane kuti aliyense adzaona Zamzam wake padziko lino. Mus'ab bin Umair (r.a), amene adakulira m'chuma ku Makka, adafera pa Uhud, ndipo nsalu yomuikira idali yaifupi: akaphimba mutu miyendo inkaonekera, mpaka adaphimba miyendoyo ndi udzu. Iye sadakolole kanthu pano. Chimene chikhulupiriro chimatilonjeza n'chakuti palibe phazi limene limatayika. Surah Al-Mulk, ndime 2, imati imfa ndi moyo zidalengedwa kuti tiyesedwe ndani wochita bwino koposa, ndipo muyeso wake ndi ubwino wa ntchito ndi niya yake, osati kulemera kwa mabelo pasikelo. Mlimi amene wadzuka pa Fajr, nanyamula khasu kuti ana ake adye za halali, mzere uliwonse umene walima walembedwa, fodya agulidwe bwino kapena ayi.

Tanena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTUBAH YACHIWIRI

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Inu akapolo a Allah, tisatuluke mumzikiti muno ndi nkhani yokoma m'makutu yokha. Pali ntchito imene ikutidikira.

Kwa inu makolo: mwana akanena kuti moyo ulibe phindu, khalani naye pansi, mumufunse chimene chamupweteka, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Kawirikawiri kumbuyo kwa mawu a filosofia kumakhala mayeso amene walephera, ntchito imene adakaifuna ku Moatize osaipeza, ukwati umene wasokonekera, kapena ngongole imene akuchita nayo manyazi.

Kwa tonsefe: munthu akayamba kuyankhula za kufa, kutsanzikana ndi anthu kapena kugawa katundu wake, musamusiye yekha. Chotsani pafupi naye mankhwala a kumunda ndi zingwe, itanani achibale, ndipo mupite naye kuchipatala. Kuvutika maganizo ndi matenda monga malungo, timapempha dua ndipo timafunanso mankhwala, monga adatilamula Mtumiki (s.a.w). Allah waletsa kudzipha mu Surah An-Nisa, ndime 29, ndipo m'ndime yomweyo watikumbutsa chifundo Chake pa ife. Banja limene lagweredwa tsoka lotere lisanyozedwe kapena kulozedwa chala. Chiweruzo nchake Allah, chathu ndi kupepesa ndi kuthandiza.

Kwa inu amene muli ndi ngongole kwa anzanu ndi inu okongoza: Surah Al-Baqarah, ndime 280, imalamula kumupatsa nthawi wangongole amene ali pamavuto, ndipo imati kumukhululukira n'kwabwino koposa. Surah At-Tawbah, ndime 60, imawerengera angongole m'gulu la oyenera kulandira zakaat. Chaka chimene mitengo yagwa, tisadikire kuti m'bale wathu achite kubwera akugwada. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu ana athu ophunzira: sitikukuletsani kuwerenga. Werengani buku lonse, osati kachidutswa ka pa foni, ndipo muwerengenso Qur'an yanu ndi tanthauzo lake mwakhama lomwelo. Mafunso amene akukusowetsani tulo bwerani nawo kuno. Khomo la mzikiti ndi lotsekula. Kumbukirani chiphunzitso cha Mtumiki (s.a.w) chimene adachisunga Imam Ahmad, chakuti ngakhale Qiyamah itafika wina ali ndi mbande m'manja, ngati angathe aibzale. Mtengo umenewo palibe adzadye zipatso zake, komabe ubzalidwe, chifukwa Amene timamubzalira akuona.

E Allah, khazikitsani mitima yathu pa chikhulupiriro. E Allah, tonthozani osweka mitima, chizani odwala athu, ndipo apepukireni amene alemedwa ndi ngongole. Dalitsani minda yathu, tipatseni mvula yothandiza yosaononga, ndipo sungani mtendere m'dziko lathu la Mozambique ndi kwa anansi athu. Akhululukireni akufa athu, amene manda awo tikuwadziwa ndi amene manda awo mukuwadziwa Inu nokha. Atetezeni ana athu ku kutaya mtima, ndipo musatichotse padziko pano pokhapokha tili Asilamu. Ameen.

Imirirani tiswali.